Bokosi la Rauf Silinatidikire

Mayi Mhango anabwera pakhomo panga Lamulungu masana, ine ndili pa beseni, ndikuchapa matewera a Tadala. Sanachite odi. Anangoima pa geti atagwira foni ndi manja onse awiri, nkunena kuti, "Amake Tadala, amupeza."

Sindinafunse kuti ndani. Mu layini yathu ku Area 25 palibe amene sadziwa za Rauf, ngakhale palibe anamuonapo. Mayi Mhango ndi mzungu, kwawo ndi ku Azerbaijan, dziko limene ine ndinayamba kulimva pakamwa pawo. Anabwera kuno kalekale ndi malemu amuna awo a ku Rumphi, omwe anakaphunzira za makina kumeneko. Bambowo atatisiya, iwo anatsala, nkumasoka makatani ndi mayunifomu pakhonde, ndipo Chichewa amachilankhula kuposa ena a ife. Rauf anali mlongo wawo wamng'ono. Anapita kunkhondo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, osabwerako. Abale sanauzidwe kuti wamwalira, sanauzidwenso kuti ali moyo. Pepala la boma linangoti wasowa, ndipo linakhala likunena zomwezo kwa zaka zoposa makumi atatu.

Tsopano anali atapeza mafupa m'dzenje lina kumapiri, pamodzi ndi a anyamata ena. Anawayeza pofananitsa ndi magazi amene Mayi Mhango anasiya ulendo womaliza atapita kwawo, nkupezeka kuti ndi iyeyo. Mwambo woika unali Loweruka.

"Bokosi limayamba lafika pabwalo la nyumba," anatero atakhala pa chidebe changa. "Silikhalitsa. Akazi timaligwira, timalira, kenako amuna amalinyamula kupita nalo kumanda. Bambo anafa akudikira. Mayi anafa akudikira. Wa mimba yathu ndatsala ndekha. Ndikapanda kuligwira ine, aligwire ndani?"

Mwana wawo wamkazi amene ali ku Joni anayesa tiketi ya ndege yonyamukira ku Lilongwe, koma malo munalibe. Anapeza yonyamukira ku Lusaka, Lachinayi hafu pasiti wani masana. Mayi Mhango miyendo imawatupa, ndipo msewu wa ku Zambia anali asanauyendepo. Ine ndinali nditauyenda kasanu ndi kamodzi, kupititsa mpunga nkubwerako ndi zitenje, komanso achemwali anga amakhala ku Mtendere, ku Lusaka konko. Bambo a Tadala anangoti, "Aperekeze, amenewa ndi mayi athu." Tinapangana zonyamuka Lachiwiri kuti tikhale ndi tsiku lapadera.

Tsiku lapaderalo ndinaliwononga ndine. Ndinachita zimene mkazi aliyense wa kwathu kuno akanachita, ndinakauza amayi a mu layini kuti kwa Mayi Mhango kwagwa zovuta. Pofika Lolemba m'mawa masamba anali atayalidwa kale pamsewu, mabenchi ali panja, azimayi tho m'nyumba. Simungadabwe. Mayiwa sanajombepo pamaliro a munthu. Amafika oyamba ndi mpeni wawo wodulira kabichi, amachoka omaliza, miphika itatsukidwa. Ndiye anthu anabwera kudzabweza. Mtembo panalibe. Panali chithunzi chokha pa tebulo, mnyamata wa makutu aakulu atavala chipewa cha usilikali chomukulira.

Chakumadzulo alamu awo aakulu a ku Area 49 anaimirira nkulengeza kuti abale a ku Rumphi akubwera, afika Lachiwiri masana. Mayi Mhango anandikokera kukhitchini.

"Nanga za mawa zija?"

"Amayi, anthu akuchoka ku Rumphi chifukwa cha inu. Adzapeze chitseko chokhoma? Tinyamuke Lachitatu. Basi imafika madzulo, tikagona kwa achemwali, ndege ndi ya mawa lake masana. Nthawi ilipo yambiri."

Ndinalankhula ngati basiyo ndi ya bambo anga.

Lachitatu tinafika pa depoti m'tauni kukungoyera kumene, Tadala ali kumsana, chikwama cha Amayi chili pamutu panga. Mtengo wa basi unali utakweranso, ndinadandaula monga mwa mwambo, nkulipira. Kondakitala anali bambo wa kamimba wa ku Chipata. Atawaona Amayi anaomba m'manja.

"Aa, ba mzungu! Ndege yachita pankachala?"

"Iwe, tanyamula chikwamachi, usiye kulongolola," Amayi anamuyankha.

Anthu anafa nalo phwete. Kondakitala anagwira pakamwa. "Pepani ba mami, sininadziwe kuti ndimwe athu-athu." Kuyambira pamenepo anali kuwaitana apongozi.

Anati tinyamuka sikisi koloko, koma tinatuluka m'tauni seveni itadutsa, atamaliza kukankhira matumba a mtedza pansi pa basi. Namitete, Kamwendo, Amayi ankangoyang'ana pa windo. Ndinawapatsa mbatata yootcha, anaigwira mpaka inazizira.

Pa boda ya Mchinji tonse tinatsika, katundu yense pansi. Mzere unali wautali, dzuwa lili phwee. Titafika pa windo, bwana wa zidindo anaitembenuza pasipoti ya Amayi uku ndi uku.

"Amayi, dziko limeneli lili mbali iti?"

"Mukafika ku Turkey mukafunse, akakulozerani."

Anaseka, nkuitana mnzake kuti adzaone. "Ndiye mukukatani kumeneko?"

"Ku maliro. Mlongo wanga."

"Pepani kwambiri. Atisiya liti?"

"Sindikudziwa."

Bwanayo anawayang'ana, nkuyang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Anadinda osafunsanso china.

Pa bodapo tinakhala maola awiri ndi theka, chifukwa cha mayi wina amene makatoni ake sankagwirizana ndi mapepala. Ine sindinatekeseke. Ndinasintha ndalama kwa bambo amene ndimasinthitsa kwa iwo nthawi zonse, ndinamusintha thewera Tadala kuseli kwa basi, ndinagula madzi. Anthu amati ndine munthu wodekha. Kusikelo anzanga akamakangana ndi anamwino ine ndimakhala pa benchi mpaka dzina langa liitanidwe. Ndinkaona ngati ndi khalidwe labwino.

Ku Chipata tinaimanso kudikira anthu ena. Pampando wa tsidya la kanjira panakhala gogo wina, Bambo Tembo, mphunzitsi wopuma, akupita ku Lusaka kukaonetsa maso. Anali munthu wokonda nkhani. Tisanafike ku Katete anali atadziwa kale kwathu, mtundu wanga, ndi mpingo umene ndimapemphera.

Titadutsa Katete Tadala anayamba kuvuta, Amayi nkumutenga. Anamuvula masokosi nkuyamba kumusisita mapazi. Amatero nthawi zonse akanyamula mwana, ndipo ine ndinali ndisanafunsepo chifukwa chake. Tsikulo ananena okha.

"Tinathawa kumudzi nyengo yozizira. Kuzizira kwa kwathu si kwa Juni wa ku Dedza ayi. Madzi amauma ngati mwala, pansi ponse pamayera. Mizinga itayamba kugwa m'mudzi tinatuluka ndi zomwe tinavala. Mayi anakhoma chitseko, kiyi nkuika m'thumba, amvekere tibwerera Lachisanu. Tinayenda masiku awiri m'mapiri. Mkazi wa nyumba yoyandikana nafe anabereka mwana ngati uyu. Titafika kumene kunali anthu anamumasula, mwana atauma kalekale. Iye ankangomusisita mapazi, amvekere wangozizidwa, adzuka."

Ndinamutenga Tadala nkumuika kubere, ngakhale anali atangoyamwa kumene.

Anandiuza kuti anawasunga m'mabogi a sitima akutha, banja lililonse bogi yake, nthawi yotentha ngati uvuni, nthawi yozizira madzi akuuma m'kapu. Rauf anali wodziwa kukonza mawailesi, ndipo anthu a m'mabogimo ankamubweretsera kuti azimva nkhani za nkhondo. Tsiku lina anamuitana kuti akalowe usilikali. Potsanzika anati akukatenga nyumba yawo. Analemba makalata awiri, yachiwiri akupempha masokosi. Kalata yachitatu sinabwere.

"Bambo ankapita ku ofesi mwezi uliwonse atavala jekete, kukafunsa. Mayi sankakhoma chitseko, poopa kuti angabwere usiku nkubwerera. Ine patatha chaka ndinakwatiwa, nkubwera kuno. Ndinawasiya awiri m'bogi, Amake Tadala. Ndinati ndatopa ndi kudikira."

Bambo Tembo anali atatchera khutu nthawi yonseyi. Anakonza pakhosi. "Pepani amayi, ndifunseko. Nkhondo imeneyi anapambana ndani?"

"Yoyamba anapambana iwo. Yachiwiri, ya posachedwayi, tinapambana ife."

"Basi ndiye munabwerera kumudzi kwanu."

"Msuweni wanga Leyla anapitako. Anapeza masitepe atatu a simenti ndi mtengo wa mabulosi. Nyumba kulibe. Kumunda sungaponde, anakwiriramo mabomba. Mwana wake wa Leylayo anapita kunkhondo yachiwiri, anabwerako ndi mwendo umodzi. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo amadzigwetsa pansi, bambo wa ana awiri, ana ake akuona. Ndi kupambanako kumeneko, aphunzitsi. Tsidya linalo nakonso kuli amayi amene akudikira mafupa ngati ine."

Bambo Tembo anangoti "Mayo," nkuyamba kupukuta magalasi awo.

Petauke tinadutsa cha m'ma thuu koloko. Ku Nyimba tinagula nthochi pa windo, zotsika mtengo moti munthu umachita manyazi kunenerera. Ndinawerengera mumtima kuti tikafika ku Lusaka cha m'ma eyiti, ndipo ndinawatumizira uthenga achemwali kuti atiikire madzi osamba.

Titapitirira Nyimba msewu umayamba kukwera ndi kukhotakhota m'mapiri. Pa chitunda china, tisanafike Kacholola, basi inayamba kutsokomola. Kenako panamveka phokoso ngati sefuliya yagwa pa simenti, fungo la chinthu chopserera nkulowa mkati. Dalaivala anaikokera pambali, inazima. Inali folo koloko itangodutsa.

Tinatsika. Amuna onse anasanduka amakaniko, aliyense akusuzumira pansi pa basi ndi kutchula chake. Dalaivala anatulukako ali bii ndi oyilo nkunena kuti ndi giyabokosi. Kondakitala anathyola nthambi nkuziyala pamsewu kutsogolo ndi kumbuyo kuti magalimoto achenjere.

"Maliro enanso?" Amayi anatero poona masambawo.

"A basi, apongozi," anayankha kondakitala. "Koma osavutika mtima. Ndakwera paphiri apo, natuma foni ku Lusaka. Basi inangu ibwera. Mawa faivi koloko kuseni, kukungocha, ili pano, teni koloko muli mu tauni."

Pamalopo panali nyumba zitatu ndi kagolosale kamodzi. Netiweki panalibe, pokhapokha utakwera phiri limene anakwera kondakitalayo. Tinakhala pansi pa mtengo. Ena anayamba kutukwana, ena kuseka, mayi wa makatoni uja anatsegula katoni imodzi nkuyamba kugulitsa mabisiketi.

Cha m'ma faivi panaima galimoto yaing'ono yoyera. Mwini wake, bambo wogula nthochi, anatsitsa galasi nkunena kuti akupita ku Lusaka, ali ndi malo a anthu atatu. Kondakitala anathamanga kubwera kwa ife.

"Apongozi, imwe muli na ndege. Kwelani iyi."

Amayi anaimirira. "Amake Tadala, tikwere?"

Ine ndinapita kukaizungulira galimotoyo. Nyali imodzi yakutsogolo inali yosweka. Matayala akumbuyo anali osalala ngati chipumi. Msewu wa kutsogoloko ndimaudziwa, makona okhaokha, maphompho, mathiraki akugona chammbali. Dzuwa linali litapendeka, ndipo Tadala thupi linali litayamba kufunda pang'ono. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndikanangonena zimenezi bwenzi lero ndikugona tulo. Koma ndinanena zina.

"Amayi, tidekhe. Basi ina ibwera m'mawa, nthawi ikadalipo. Ndipo ngakhale titachedwa, muimba foni, asuntha tsiku. Maliro sangapite kumanda mlongo wake wa bere limodzi ali panjira. Dziko lotero kulibe."

"Kwathu si choncho, mwanawe. Tsikuli aika ndi asilikali."

"Asilikaliwo sanabadwe kwa amayi? Munthu wadikira zaka makumi atatu, alephere kudikira tsiku limodzi?"

Ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo ndi mtima wanga wonse. Agogo anga aamuna atamwalira ku Nkhoma tinakhala masiku atatu, manda atakumbidwa kale, kudikira amalume ochokera ku Joni. Palibe anadandaula. Mfumu inafunsa kamodzi kokha, eni mbumba nkuyankha kuti mwana akadali panjira, nkhani inathera pomwepo.

Bambo Tembo anandithandiza. "Mwanayu akunena zoona, amayi. Mkulu wanga tinamusunga masiku anayi kudikira mwana wake wa ku Kitwe. Mwini maliro ndinu. Popanda inu palibe angagwire fosholo. Kuthamanga sikufika."

"Zoona," anatero mayi wa makatoni. "Mukafere m'kagalimoto aka, akhale maliro awiri?"

Wa galimoto analiza hutala. Amayi anayang'ana ife tonse, mmodzimmodzi, anthu amene anakhala nafe zaka zambiri kuposa zimene anakhala kwawo. Kenako anakhala pansi. Amuna atatu anathamangira malo aja, galimoto nkunyamuka.

Tinagona m'basi momwemo. Mayi wa pagolosale anatiphikira tiyi, nkundipatsa madzi ofunda omupukutira Tadala.

Faivi koloko inakwana, kulibe basi. Sikisi, kulibe. Tadala anadzuka ali bwinobwino, akuseka, thupi lili zii. Kondakitala anatsika kuphiri kuja nkhope itagwa. Anati basi ina ija nayo ili ndi vuto la mabuleki, akuikonza, inyamuka ikatha.

"Nanga aja anakwera kagalimoto aja?" wina anafunsa.

"Anafika dzulo, teni koloko."

Amayi anati akufuna kuimba foni. Ndinamusiya Tadala kwa mayi wa pagolosale, nkuwagwira dzanja kukwera phirilo, iwo akupumira pa mwala uliwonse, miyendo itatupa moti nsapato anachita kuponda kumbuyo. Bambo Tembo anatitsatira ndi ndodo yawo. Pamwamba foni inagwira. Analankhula ndi Leyla m'chilankhulo chawo, nthawi yaitali. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinaona dzanja lawo likufunafuna pogwira, mpaka linapeza phewa langa.

"Akuti bokosi likubwera ndi asilikali kuchokera ku likulu," anatero atadula. "Tsiku lomwelo akuika anyamata ena m'midzi ina, ndipo asilikali ake ndi omwewo. Akachoka kwathu akupita kwina. Mayi wina kumeneko naye wadikira zaka zomwezi. Ndimuuze kuti adikirenso chifukwa basi yanga yawonongeka?"

Bambo Tembo anavula chipewa.

Ndinatsika phirilo chothamanga, mpaka ndinagwa nkusupuka bondo. Ndinaima pakati pa msewu ndikukupiza chitenje. Kudekha konse kuja kunathera pamenepo. Thiraki yoyamba inangoliza hutala. Yachiwiri inaima, dalaivala nkunena kuti kampani siilola, muli kamera. Galimoto ina inali yodzaza ndi ana a sukulu. Ina inangopita mpaka Kacholola. Ndinagwada pa phula, ine amene sindinagwadirepo munthu pamsewu, koma m'mawa umenewo magalimoto anali ochepa ngati achita kupangana.

Cha m'ma naini inatulukira basi yochokera ku Chipata, yodzaza. Kondakitala wathu anaima kutsogolo kwake atatambasula manja mpaka inaima. Anakangana ndi mnzakeyo, ndinangomva akuti, "Ni maliro, iwe! Ni apongozi anga!" Anatilowetsa. Mnyamata wina anawasiyira Amayi mpando, ine ndinakhala pa chigubu m'kanjira, Tadala pamiyendo. Bambo Tembo anatsala. Anangotikwezera ndodo pa windo.

Pa mlatho wa Luangwa panali mzere wa magalimoto, kuwoloka imodziimodzi. Titawoloka, dalaivala anaima pa msika kuti anthu agule nsomba zouma ndi madengu. Ndinapita kukamupempha kuti tipitirire. Anati mphindi khumi zokha, zinakhala makumi awiri ndi zisanu. Ndinkayang'ana nthawi pa foni mpaka Amayi anandilanda nkuiika m'chikwama mwawo.

Rufunsa, thwelofu koloko itadutsa. Chongwe, wani koloko. Tinatsika pa mphambano yopita ku bwalo la ndege nkukwera takisi osafunsa mtengo. Titalowa, pa tebulo lolembetsera panali mtsikana mmodzi akulongedza mapepala. Anayang'ana tiketi, anayang'ana wotchi, nkupukusa mutu. Anati chitseko anatseka kale, ndege ili pa msewu wake. Ndinayamba kufotokoza za giyabokosi, za mafupa, za zaka makumi atatu, Chizungu changa cha sitandade seveni chikuthawa pakamwa. Amayi anandigwira. "Basi, mwanawe. Si iyeyu."

Mwana wawo wa ku Joni anayesa zonse. Ya Lachisanu inali yodzaza. Malo anapezeka a Lamulungu.

Ndiye Loweruka linatipeza ku Mtendere, pakhonde la achemwali anga. Kwawo kwa Amayi nthawi ili patsogolo ndi maola awiri, moti foni inalira cha m'ma teni m'mawa. Anali Leyla, pa vidiyo. Achemwali anali atayala mphasa, ndipo amayi anayi oyandikana nawo nyumba anabwera kudzakhala nafe, anthu oti Mayi Mhango sanawaonepo.

Tinaona bwalo la nyumba lodzaza ndi anthu, akazi atafunda mipango yakuda. Tinaona asilikali akulowa pa geti atanyamula bokosi lokutidwa ndi mbendera. Anali asanu ndi mmodzi, koma mmene ankayendera zinkaoneka kuti awiri akanakwana. Onse anali ana, oti pamene Rauf ankasowa anali asanabadwe. Pambali panaima bambo wa ndodo ziwiri, mwendo umodzi wa buluku utapindidwa. Analiika bokosilo pa tebulo, akazi nkulizungulira. Kulira kwawo ndi kwina, koma munthu sufuna womasulira.

Leyla anayandikitsa foni mpaka mbendera inadzaza galasi lonse. Ankalankhula mofuula, ndikuganiza ankamuuza Rauf kuti mlongo wako uyu. Amayi anayamba kulankhula naye, mawu apansipansi ngati akunyengerera mwana kuti adye. Kenako anatambasula dzanja nkuliika pa foni, chikhatho chonse, pamene panali bokosipo.

Foni inaduka. Chikhathocho chinakhudza pofiira podulira foni paja.

Ndinaimbanso msangamsanga, sinalowe. Kachiwiri, inangoitana. Kachitatu Leyla anayankha, ndipo tinaona tebulo lopanda kanthu ndi misana ya amuna ikutuluka pa geti.

Amayi sanakuwe. Anakhala dzanja lili m'malere, litatambasuka choncho. Mmodzi wa amayi a ku Mtendere aja anasendera pafupi nkuligwira, wina nkuyambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi. Ine sindinathe kuimba. Ndinapita kuseli kwa nyumba ndi Tadala, nkukhala pa njerwa mpaka dzuwa linandipeza.

Lamulungu tinafika pa bwalo la ndege maola asanu nthawi isanakwane. Tinakhala pa mipando yachitsulo, Amayi atamunyamula Tadala. Kuyambira Lachinayi ndinali ndisanapepese. Mawu ndinali nawo, koma ndikati nditsegule pakamwa ankaoneka ochepa. Ataitana anthu a ndege yawo ndinagwada pansi pomwepo, anthu akuona.

"Amayi, ndinakulakwirani. Lachiwiri lija ndine. Galimoto ija ndine."

"Dzuka, anthu aziti ndakulanda mwamuna."

"Sindidzuka."

Anapumira m'mwamba. "Tamvera, Amake Tadala. Miyendo ndi yanga, pakamwa ndi panga. Ndikanati tiye, ukanakana?"

"Ayi."

"Ndiye? Zaka zonsezi ndikamasoka pakhonde paja, geti ikalira, kamtima kena kamati ndi iyeyo, wafunsira njira mpaka wafika ku Malawi. Ndi zopusa, ndikudziwa. Galimoto ija itaima ndinadziwa kuti ndikakwera ndikaliona bokosi ndi maso, ndipo geti izidzangokhala geti. Nanenso ndinkaopa. Iwe unangondipatsa pokhala."

Anamupsompsona Tadala kumapazi, nkundipatsa. Anandiuza kuti makatani a mayi wa ku Area 47 ali pa makina, atsala mpendero wokha, ndikamalize ndine. Kenako analowa, akukoka miyendo yawo yotupa ija, osacheuka.

Ndabwerera ku Area 25, makatani ndinamaliza. Mawu awo aja ndawatembenuza kambirimbiri, pochapa, poyamwitsa, pa mzere wa madzi. Mwina ndi oona. Mayi Mhango si munthu wonama. Koma ndi munthu woti akaona mnzake wasenza katundu wolemera amamulandira, ngakhale iye ali ndi wake pamutu. Ndipo pali chimodzi chimene sindinawauze bambo a Tadala, kapena achemwali, kapena amayi a mu layini amene amandiyamikira kuti ndinaperekeza mayi athu mpaka ku Lusaka. Pamene ankandifunsa kuti tikwere, chikwama chinali kale m'manja mwawo, phazi limodzi lili kale pa phula. Amene anawagwira mkono nkuwabweza pansi pa mtengo uja ndi ine.